Ndere m'thanki ya nsomba yodzalamo zomera: zimachokera kuti, nanga zimatha bwanji

Thanki ikangodzazidwa kumene, madzi amakhala mbee, masamba ali biriwiri, mchenga uli woyera. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, pagalasi pamayamba kuoneka fumbi lofiirira lomwe limachoka mukangopititsapo chala. Mwezi usanathe, timaulusi tobiriwira tayamba kulendewera pamasamba akale, ndipo m'mphepete mwa tsamba la Anubias mwamera tindevu takuda tomwe sitichoka ngakhale mutakanda ndi chikhadabo. Apa ndi pamene ambiri amathamangira kusitolo kukagula botolo la mankhwala ophera ndere, kapena nsomba imene ogulitsa amati imayeretsa thanki. Zonse ziwiri zimathandiza masiku ochepa, kenako ndere zimabwerera, chifukwa chimene chinaziitana chikadali pompo.

Timbewu ta ndere simungatitsekere kunja. Timabwera pamasamba a zomera zimene mwagula, m'madzi a m'thumba lonyamulira nsomba, pamwala, ngakhale ndi fumbi la mumpweya. Aliyense amene anasambirapo pakati pa miyala ya ku Cape Maclear anaona mbuna zikupala ndere ndi milomo tsiku lonse. Kumeneko ndere ndiye munda wa nsomba. Paliponse pamene pali madzi, kuwala ndi chakudya, ndere zimakhalapo. Chimene chimasiyanitsa thanki yoyera ndi yauve ndi thanzi la zomera. Tsamba limene likukula bwino, ndere zimavutika kuligwira. Tsamba limene laima kukula, kaya chifukwa cha njala, mthunzi kapena kusowa mpweya wa CO2, limafooka n'kuyamba kuchucha timadzi tomwe ndere zimadya, ndipo zimamera pomwepo. Mukaona ndere, funso loyamba likhale lakuti: n'chiyani chaimitsa zomera zanga? Yankho nthawi zambiri limakhala pa nyali, pa CO2, pa chakudya cha zomera, kapena pa uve.

Nyali

Nyali ndiyo imalamula liwiro la chilichonse m'thanki. Ikawala kwambiri, chomera chimakakamizika kukula msanga, ndipo chimafuna CO2 wambiri ndi chakudya chambiri. Ziwirizi zikaperewera, kuwala kotsalako kumapindulira ndere, zomwe zimakhutira ndi zochepa. Nyali zambiri za LED za masiku ano n'zamphamvu kwambiri, ndipo mathanki ambiri amene akuvutika ndi ndere akungowala mopitirira muyezo.

Thanki yatsopano iziwala maola 6 patsiku kwa mwezi woyamba kapena iwiri. Zomera zikagwira, wonjezerani theka la ola pakatha masabata awiri alionse mpaka mufike maola 8, ndipo muime pamenepo. Gulani timer yolumikiza pasoketi, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali kokha pa nthawi imene mwaika. Kuyatsa ndi dzanja sikulondola: lero muyatsa m'mawa popita kuntchito n'kuzimitsa pogona, amenewo ndi maola 15, mawa muiwala. Ngati mumafuna kuonerera nsomba madzulo, ikani nyali iziyaka 2 koloko masana n'kuzima 9 koloko usiku.

Mphamvu ya nyali imafunika kuiyang'ana kuposa maola. Pabokosi la nyali pamalembedwa ma lumen, muyeso wa kuchuluka kwa kuwala kwake. Zomera zosavuta monga Anubias, Java fern, Cryptocoryne ndi Vallisneria zimakhutira ndi ma lumen 10 mpaka 20 pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza kuti thanki ya malita 100 imafuna ma lumen 1,000 mpaka 2,000 basi. Kupitirira 40 pa lita ndi gawo la anthu amene amapopera CO2 wa m'silinda. Nyali ikakhala ndi potsitsira kuwala, yambirani pa theka. Ikakhala yopanda, ikwezeni masentimita 10 kapena 15 pamwamba pa madzi, phimbani timagetsi tina ndi tepi yakuda, kapena ikani zomera zoyandama kuti zipange mthunzi. Dzuwa la pawindo nalo liwerengedwe. Mukaona kuti galasi la mbali imodzi yokha ndilo limabiriwira, pitani mukaone thankiyo nthawi ya m'mawa kapena ya kumadzulo; mupeza dzuwa likugunda pamenepo. Katani kapena pepala lomata kunja kwa galasi limathetsa nkhaniyo.

Mpweya wa CO2

Chomera chikauma, pafupifupi magawo 40 mwa 100 a kulemera kwake ndi kaboni, ndipo kaboniyo amachokera ku CO2. Vuto la zomera za m'madzi n'lakuti mpweyawu umayenda pang'onopang'ono m'madzi, kuchedwa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mumpweya. Thanki yosapoperedwa imakhala ndi mamiligalamu 2 kapena 3 okha a CO2 pa lita (mg/l), ndipo nyali ikayaka zomera zimamaliza kameneko m'maola ochepa.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusapopera konse, nyali n'kukhala yofatsa ndi zomera zosavuta. Thanki yotere imakula pang'onopang'ono koma imakhazikika, ndipo kwa munthu amene akuyamba kumene ndiyo yoyenera. Yachiwiri ndi silinda ya CO2 yokhala ndi regulator, chochepetsera mphamvu ya mpweya wotuluka, ndi valavu ya magetsi yolumikizidwa ku timer. Mavuto ambiri ali pakati pa njira ziwirizi: nyali yamphamvu yogulira zomera zofiira, koma CO2 palibe.

Amene amapopera azifuna 20 mpaka 30 mg/l nthawi yonse imene nyali ili chiyakire. Mpweya uyambe ola limodzi kapena awiri nyali isanayake, kuti zomera zikamadzuka zipeze chakudya chili kale m'madzi, ndipo utsekedwe ola limodzi nyali isanazime. Poyezera pali kagalasi kotchedwa drop checker, kamene mumathiramo madzi a 4 dKH (dKH ndi muyeso wa kaboneti amene ali m'madzi) osakaniza ndi mankhwala osintha mtundu. Buluu ndiye kuti CO2 wachepa, kubiriwira ngati ndimu ndiye wakwana, chikasu ndiye wachuluka. Kagalasika kamachedwa ndi ola limodzi kapena awiri, choncho kamakuuzani za madzi a maola apitawo. Njira ina ndi kuyeza pH, muyeso wa asidi m'madzi: ikatsika ndi pafupifupi 1.0 kuchokera pamene inali mpweya usanayambe, muli pafupi ndi 30 mg/l. Koma woweruza wamkulu ndi nsomba. Zikayamba kusonkhana pamwamba n'kumapuma mwaphuma, tsekani mpweya nthawi yomweyo ndipo gwedezani madzi a pamwamba. Musakweze mlingo tsiku limene simukhala pakhomo.

Kusinthasintha kwa CO2 n'koipa kuposa kuchepa kwake. Chomera chimatenga masiku angapo kuti chizolowere mlingo umene ulipo. Ukamakwera lero n'kutsika mawa, chimangokhalira kuzolowera osakula. N'chifukwa chake CO2 wopanga ndi shuga ndi yisiti m'botolo la malita awiri amabweretsa ndere zakuda kawirikawiri: masiku oyamba amatuluka mwamphamvu, sabata yachiwiri wafooka, kukazizira amaima. Ngati ndi yekhayo amene mungakwanitse, lumikizani mabotolo awiri ndipo muzisintha limodzi sabata iliyonse mosinthanitsa.

Musamane zomera chakudya

Pali chikhulupiriro chofala chakuti nitrate ndi phosphate, michere ya mu feteleza imene zomera zimadya, ndiwo amabala ndere, choncho munthu akaona ndere amasiya kuthira feteleza. M'damu kapena m'nyanja imene mukukokolokera feteleza wa m'minda, zimenezi n'zoona, chifukwa mulibe zomera zokwanira kudya chakudyacho. M'thanki yodzaza ndi zomera zimayenda mwina. Ndere zimapulumuka ndi kachakudya kochepa kwambiri kosaoneka n'komwe pa zoyezera zathu, pamene chomera chachikulu chimafa ndi njala. Mukasiya feteleza, woyamba kugwa ndi chomera. Njira ya Estimative Index imene Tom Barr, katswiri wa zomera za m'thanki, anafalitsa imathira nitrate ndi phosphate wopitirira dala zimene zomera zingadye, n'kusintha theka la madzi sabata iliyonse, ndipo mathanki ambiri oyendetsedwa motero amakhala oyera malinga CO2 ali bwino.

Milingo yabwino ndi iyi: nitrate 10 mpaka 20 mg/l, phosphate 0.5 mpaka 2 mg/l, potaziyamu 10 mpaka 20 mg/l, ndi ayironi pang'ono, pafupifupi 0.1 mg/l. Feteleza wa m'botolo wogulira thanki amagwira ntchito, koma werengani kaye kumbuyo kwake, chifukwa ena ali ndi ayironi ndi timichere tating'ono tokha, alibe nitrate kapena phosphate. Amene angapeze michere youma angasakanize yekha. Sungunulani magalamu 40 a potassium nitrate m'madzi okwana 500 ml. Mamililita 10 a madzi amenewa amawonjezera pafupifupi 5 mg/l ya nitrate m'thanki ya malita 100, pamodzi ndi potaziyamu wokwana 3 mg/l. M'botolo lina sungunulani magalamu 10 a monopotassium phosphate mu 500 ml. Mamililita 5 amawonjezera 0.7 mg/l ya phosphate m'malita 100 omwewo. Thanki yopanda CO2 ilandire mlingo umenewu kamodzi pa sabata mukangosintha madzi. Yokhala ndi CO2 ndi nyali yamphamvu ilandire katatu pa sabata. Feteleza wa ayironi muzithira tsiku lina, chifukwa akakumana ndi phosphate wochuluka amagwirana n'kukhala fumbi lomwe chomera sichingamwe. Ngati nsomba zilimo zambiri, yezani nitrate musanathire, popeza ndowe zawo zikhoza kukhala zikupereka wokwanira kale. Madzi a pamjigo kapena a pachitsime chapafupi ndi minda nawonso muwayeze asanalowe m'thanki, chifukwa ena amabwera ndi nitrate wawo.

Feteleza wa kumunda asayandikire thanki. Urea, CAN ndi NPK wothira chimanga ali ndi nayitirojeni wa mtundu wa ammonium kapena wosanduka ammonia. Ammonia amapsereza makha a nsomba, makamaka m'madzi a pH yokwera, ndipo amadyetsanso ndere.

Masamba amanena okha chimene chikusowa. Akale akamasanduka achikasu kuyambira kunsonga, ndi nayitirojeni. Timabowo tating'ono ngati toboola ndi singano pamasamba akale, kawirikawiri ndi potaziyamu. Atsopano akamatuluka otumbuluka mitsempha yokha ili yobiriwira, ndi ayironi. Cryptocoryne ndi Echinodorus zimadya kwambiri ndi mizu, choncho mumchenga wamba zimafuna timibulu ta feteleza tokwirira pansi pafupi ndi tsinde, mozama ndithu kuti tisatulukire m'madzi.

Uve, kayendedwe ka madzi, magetsi ndi kutentha

Chakudya chotsala, masamba owola, ndowe zodzikundikira kuseli kwa mwala, nsomba yofera pobisika: zonsezi zimatulutsa ammonia ndi zowola zosungunuka m'madzi. Dyetsani kamodzi patsiku, mlingo umene nsomba zimamaliza m'mphindi ziwiri. Sabata iliyonse chotsani madzi okwana 30 mpaka 50 peresenti ndi paipi, mukupukusa dzanja pamwamba pa mchenga ndi pakati pa zomera kuti litsiro lidzuke n'kukokedwa. Madzi a pampopi athiridwe mankhwala ochotsa klorini asanalowe. Masiponji a m'fyuluta, chosefera madzi, azifinyidwa kamodzi pamwezi m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampopi, chifukwa klorini amapha mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrate.

Fyuluta izizunguliza madzi onse a m'thanki kanayi kapena kasanu pa ola ngati mulibe CO2, ndi kufika kakhumi ngati alimo. Yang'anani masamba: onse azigwedezeka pang'ono, ngakhale a pakona yakumbuyo. Pamene madzi aima, CO2 ndi chakudya sizifikapo, litsiro limakhazikikapo, ndipo ndere zimayambira pamenepo.

Magetsi akathima kwa maola angapo, mabakiteriya a m'fyuluta yotsekeka amasowa okosijeni n'kuyamba kufa, ndipo magetsi akabwera fyuluta imalavulira madzi ovundawo m'thanki. Patatha masiku ochepa madzi amachita mtambo kapena kubiriwira, munthu osadziwa chachitika. Ngati athima maola opitirira anayi, zulani pulagi ya fyuluta, tayani madzi a m'kati mwake ndi kutsuka masiponji m'madzi a m'thanki musanaiyatsenso. Tsiku limenelo musadyetse. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotsika mtengo poyerekeza ndi nsomba zimene kamapulumutsa. Timer yozungulira ija imaima limodzi ndi magetsi, choncho ikonzeninso nthawi.

Zomera zambiri za m'thanki zimakonda madigiri 22 mpaka 26. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kumadera a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, madzi amatha kupitirira madigiri 29. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa, zowola zimavunda msanga, zomera zimafooka. Chotsani chivundikiro, ikani fani yaing'ono iziuzira pamwamba pa madzi, zomwe zimatsitsa madigiri awiri kapena atatu, ndipo chepetsani nyali ndi ola limodzi mpaka mvula itagwa.

Miyezi iwiri yoyamba

Nthawi imeneyi ndiyo yovuta kwambiri, chifukwa fyuluta ilibe mabakiteriya okwanira ndipo zomera zambiri zogula zinakulira kunja kwa madzi, kotero masamba awo akale amasungunuka zisanaphuke ena. Dzalani mothithikana kuyambira tsiku loyamba, pansi paphimbike magawo 7 mwa 10, ndipo zambiri zikhale zokula msanga: Hygrophila polysperma, Limnophila sessiliflora, Egeria densa, hornwort, ndi zoyandama monga Limnobium. Mukhoza kudzazizula pambuyo pake. Timitengo titatu m'thanki ya malita 100 sitingalimbane ndi ndere. Dothi lapadera la m'thanki monga ADA Amazonia limatulutsa ammonia m'masabata oyamba, choncho sinthani theka la madzi tsiku lililonse sabata yoyamba, modumphitsa tsiku sabata yachiwiri, kawiri sabata yachitatu, kenako kamodzi pa sabata. Nsomba zidikire mpaka ammonia ndi nitrite, poizoni wina amene mabakiteriya amapanga kuchokera ku ammonia asanakhale nitrate, ziwerenge ziro.

Kuzindikira ndere zimene muli nazo

Fumbi lofiirira la m'thanki yatsopano lija ndi ma diatom. Limapukutika ndi siponji, ndipo fyuluta ikakhwima limatha lokha m'masabata angapo. Musathire mankhwala. Pukutani masamba ndi zala kuti alandire kuwala, sinthani madzi, basi.

Timadontho tobiriwira tolimba tomata pagalasi ndi pamasamba a Anubias timasonyeza kuwala kochuluka ndi phosphate wochepa. Pagalasi palani ndi lezala yatsopano, mosamala pafupi ndi silikoni wa m'makona. Thanki ya pulasitiki musaiyandikize lezala, gwiritsani khadi lakale la pulasitiki. Kwezani phosphate afike 1 kapena 2 mg/l, ndipo Anubias musunthireni pamthunzi. Tsamba lake limakhala miyezi yambiri, ndiye pakuwala kwambiri silingapewe madonthowa.

Pali fumbi lina lobiriwira lofewa lomwe limakuta galasi lonse, mukapukuta m'mawa pofika madzulo labwerera. Mukamalipukuta m'madzi mumangolibalalitsa, limasambira n'kukamatanso. Ambiri amaligonjetsa polisiya osalikhudza kwa masabata atatu kapena anayi mpaka litakalamba n'kuyamba kusendeka lokha, kenako n'kutsitsa madzi, kupukuta galasi ndi nsalu madzi ali pansi, ndi kudzaza atsopano.

Ndere zaulusi, zazitali ngati tsitsi kapena zosongana ngati thonje lobiriwira, zimatsatira nyali yamphamvu yopanda CO2 wokwanira, kapena ammonia. Lowetsani mswachi wakale pakati pake n'kuupota, ulusi umakulungika pamswachiwo. Chitani zimenezi tsiku lililonse, tsitsani nyali ifike maola 6, ndipo dulani nthambi zimene zakodwa kwambiri. Mtundu wotchedwa Cladophora, wokhakhala m'manja ndi wanthambi, ndi wouma mutu chifukwa umakonda zomwezo zimene zomera zimakonda. Umenewu umafuna kuzula ndi dzanja mosatopa, ndipo moss, kachomera kofewa komera mothithikana, amene walowedwa ndi Cladophora ndi bwino kungomutaya.

Tindevu takuda kapena totuwa, tomwe m'masitolo amatitcha black beard algae, ndito timakhumudwitsa anthu ambiri. Timamera m'mphepete mwa masamba okula pang'onopang'ono, pachikuni, ndi pakamwa pa paipi yotulutsira madzi. Ndi ndere za m'gulu lofiira ngakhale zimaoneka zakuda, ndipo zikafa zimasanduka zofiirira kapena pinki, kenako zotuwa. Zimakonda CO2 wosinthasintha ndi madzi a zowola zambiri. Tsamba limene lagwidwa silichira, lidulireni patsinde. Pamwala ndi pachikuni gwiritsani hydrogen peroxide wa 3 peresenti, amene amagulitsidwa m'mafamase. Zimitsani fyuluta, dikirani madzi akhale bata, tungani mankhwalawo m'sirinji yopanda singano n'kupopera pang'onopang'ono pandere penipenipo. Muona tithovu tating'ono tikutuluka. Onse amene mwathira tsiku limodzi asapitirire mililita imodzi pa malita 4 alionse a madzi a m'thanki, kutanthauza mamililita 25 m'thanki ya malita 100, ndipo mukakhala ndi shrimp, tizamoyo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu, chepetsani ndi theka. Pakatha mphindi 15 yatsani fyuluta. Chitani kachigawo kamodzi patsiku. Mwala kapena chikuni chimene chingatuluke, chitulutseni, chipopereni panja, dikirani mphindi zisanu, tsukani, bwezerani. Mankhwala a glutaraldehyde, monga Seachem Flourish Excel ndi Easy-Life EasyCarbo, amagwiranso ntchito mukawapopera ndi sirinji mosapitirira mlingo wolembedwa pabotolo. Wa Excel ndi mamililita 5 pa malita 200 tsiku ndi tsiku. Amasungunula Vallisneria ndi Egeria, ndipo amapsereza khungu ndi maso, choncho valani magolovesi ndipo asungeni patali ndi ana. Ndere zotuwa zanthambi ngati nyanga zimachiritsidwa chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri zimaloza ku fyuluta yauve kapena mchenga umene wavundulidwa.

Chinthu choterera chobiriwira mopita ku buluu, chomwe chimayala ngati nsalu pamchenga ndi pamasamba, chosendeka chonse pamodzi ndi chonunkha ngati matope a m'dambo, si ndere zenizeni. Ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Amayambira pamzere wa mchenga ndi galasi lakutsogolo, pamene madzi sayenda, ndipo kawirikawiri nitrate amakhala ali pa ziro. Nsomba ndi nkhono siziwadya. Mankhwala ake ndi mdima. Kokani wambiri momwe mungathere ndi paipi, tsukani fyuluta, sinthani theka la madzi. Tsekani CO2, ikani kamwala kotulutsa thovu la mpweya, zimitsani nyali, ndipo kutani thanki yonse ndi makatoni kapena pulasitiki yakuda kuti pasalowe kuwala ngakhale pang'ono, kusiya kampata kolowera mpweya. Masiku atatu kapena anayi, osadyetsa, osasuzumira. Nsomba zathanzi zimapirira, zomera zimangotumbuluka pang'ono. Nyengo yotentha pewani bulangete chifukwa limasunga kutentha. Mukavundukula sinthaninso theka la madzi, thirani potassium nitrate afike 10 mg/l, ndipo lozetsani madzi a fyuluta kumene kunali bata. Ena amathira erythromycin. Amaphadi, koma ndi mankhwala a anthu odwala, akhoza kusokoneza fyuluta, ndipo madzi ake amakathera m'ngalande. Mdima ndi nitrate n'zokwanira.

Madzi akasanduka obiriwira onse ngati madzi a masamba, nsomba osaoneka, ndi ndere zoyandama zimene zadzutsidwa ndi ammonia pamodzi ndi kuwala. Kusintha madzi sikuthandiza chifukwa zotsalazo zimaswana m'masiku awiri. Nyali ya UV yodutsitsamo madzi imayeretsa m'masiku atatu mpaka sabata imodzi. Popanda imeneyo, mdima wa masiku anayi.

Zomera zolimba monga Anubias ndi Java fern zingathenso kuviikidwa kunja kwa thanki m'madzi a Jik wosanunkhira, gawo limodzi pa magawo 19 a madzi, kwa mphindi ziwiri zokha, mizu ili kunja, kenako kutsukidwa bwino ndi kunyikidwa m'madzi a mankhwala ochotsa klorini. Zamasamba ofewa sizipirira. Mankhwala alionse ophera ndere okhala ndi kopa amapha shrimp ndi nkhono.

Zamoyo zodya ndere

Izi ndi zothandizira pa thanki imene yakonzedwa kale. Sizingamalize ndere zimene zikumera mofulumira kuposa mmene zikudyedwera. Shrimp ya Amano, Caridina multidentata, imene Takashi Amano wa ku Japan anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1980, ndiyo katswiri pa ndere zaulusi zikadali zanthete. Imodzi pa malita 5 mpaka 10, ndipo pasakhale nsomba zikuluzikulu zoidya. Otocinclus, kansomba kakang'ono ka ku South America, kamapala fumbi lofiirira pamasamba osawaboola. Kamafuna gulu la zisanu ndi chimodzi kapena kuposa, thanki yokhwima, ndipo ndere zikatha kamafa ndi njala mwakachetechete. Muzikapatsa kachidutswa ka nkhaka kofutsa pang'ono n'kuchotsa chotsala m'mawa. Nkhono za nerite zimatha ngakhale timadontho tolimba tija, koma zimasiya timazira toyera tomata pachikuni, tomwe m'madzi opanda mchere sitibala nkhono zatsopano. Siamese algae eater ndi imodzi mwa nsomba zochepa zimene zimadya tindevu takuda, makamaka ikadali yaing'ono ndiponso ikakhala yosakhuta chakudya cha m'botolo. Imafika masentimita 15, choncho m'thanki yaing'ono siyenera.

Ziwiri zoti mupewe: pleco wamba, amene amagulitsidwa ali ngati chala koma amapitirira masentimita 30, kuzula zomera ndi kudzaza thanki ndi ndowe, ndi Chinese algae eater, amene akakula amasiya ndere n'kuyamba kumata pathupi pa nsomba zinzake. Ngati mukufuna pleco, tengani Ancistrus amene amathera pa masentimita 12 kapena 13. Mbuna zathu, ngakhale zili akadaulo opala miyala, zimakumba mchenga ndi kudya masamba anthete. M'thanki ya mbuna ndere za pamiyala zisiyeni, ndi chakudya chawo, ndipo zomera zimene zingapirire ndi Anubias ndi Java fern zomangirira pamwala, kapena Vallisneria, yemwe amameranso m'malo osaya a m'nyanja ya Malawi.

Zodula zonse, makamaka zoyandama ndi hornwort, ziumitseni padzuwa musanazitaye, ndipo madzi a m'thanki thirirani maluwa, asapite mumtsinje. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire ndi chomera cha ku South America chimene chinafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankachikonda ngati duwa.

Mukasintha chinthu, kaya ndi maola a nyali, mlingo wa CO2 kapena feteleza, sinthani chimodzi n'kudikira masabata awiri kapena atatu musanakhudze china. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudziwa chimene chathandiza, ndipo zomera zimayambanso kuzolowera. Ndere zimene zilipo kale sizichoka zokha ngakhale mutakonza gwero lake, zimafuna dzanja, lumo ndi sizasi. Poona ngati mukupita patsogolo musayang'ane masamba akale. Yang'anani nsonga: ngati masamba amene atuluka sabata ino ndi aakulu kuposa a sabata yatha ndipo akhala oyera kwa masiku khumi, dulani nsongazo masentimita 10, zulani matsinde akale ogwidwa ndi ndere, n'kudzala nsonga zoyerazo pamalo pomwepo.